Mwana wa Fomu 3 amene akuti ndi wamwano: kodi kukamuunika autism ndi ADHD pa msinkhu uwu n'kuchedwa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni. Andilola kuti ndiwayankhire pano, ndipo ndachotsa mayina ndi zina zonse zimene zikanawaulula. Analemba motere:

"Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 16, ali Fomu 3. Aphunzitsi amati ndi wofatsa komanso amakhoza Biology kuposa onse, koma alibe mnzake weniweni. Akaweruka amangofikira kuchipinda n'kudzitsekera. Nthawi zina amalira kapena kukalipa pa kanthu kakang'ono, monga wina akamusunthira mabuku. Ku ukwati ndi kutchalitchi amatseka makutu. Makope amataya, homuweki amaiwala. Apongozi anga akuti ndi mwano, ndinamulera momusasatitsa. Azakhali ake akuti analodzedwa. Ndinawerenga za autism ndi ADHD, ndipo ndinachita mantha chifukwa ndinaonamo mwana wanga, komanso ndinadzionamo ine mwini. Ndili ndi zaka 43. Kodi sitinachedwe? Amayeza bwanji? Sakamulemba kuti ndi wamisala? Nanga ine ndipite?"

Mayi, simunachedwe. Anthu amaunikidwa ali ndi zaka 16, ena 40, ena ali ndi zidzukulu. Ine anandiuza kuti ndili ndi ADHD, vuto lolephera kuwongolera chidwi, nditakwanitsa zaka 36, nditaphunzitsa kale kusekondale zaka zoposa khumi. Ubwana wanga wonse ndinkadziwika kuti wopupuluma, woiwalaiwala, wanzeru koma wosasamala. Mawu amenewo ndinawakhulupirira, ndipo ndinakula nawo ngati dzina langa lachiwiri. Tsiku limene ndinamva dzina lenileni la zimene zinkandichitikira sindinasinthe kukhala munthu wina, koma ndinasiya kudzizenga mlandu umene sindinapalamule. Phindu lalikulu la kuunika ndi limenelo: munthu amapeza kufotokoza koona kwa moyo wake, m'malo mwa kufotokoza kwabodza kumene anthu anamupatsa kale. Mwana wanu ali nako kale kufotokoza kwina. Akumva kuti ndi wamwano, akumva kuti analodzedwa, ndipo usiku akamagona amaganiza zimenezo.

Sindine dokotala, ndipo kalata imodzi singandiuze ngati mwana wanu ali ndi autism (kusiyana ndi ambiri pa kalumikizidwe ndi anthu ndi kalandiridwe ka phokoso ndi zina zotero), ADHD, zonse ziwiri kapena china. Koma zimene mwalembazo n'zokwanira kuti katswiri azimvetsere mofatsa.

Mwina mukudzifunsa kuti zinatheka bwanji zaka zonsezi osaona. Musadzida. Chithunzi cha autism chimene madokotala anaphunzira kwa nthawi yaitali chinali cha kamnyamata. Leo Kanner, amene anafotokoza autism ku America mu 1943, analemba za ana 11, ndipo 8 mwa iwo anali anyamata. Hans Asperger ku Vienna, chaka chotsatira, analemba za anyamata okhaokha. Ndi ADHD n'chimodzimodzi: aliyense amayembekezera mnyamata wothamanga pamadesiki. Mtsikana wokhala phee, maso ali pabolodi koma maganizo ali ku Michiru, palibe amene amamudandaula. M'kalasi la ana 80 kapena 100, mphunzitsi amathokoza kuti pali mmodzi wosavuta. Ndikunena izi monga mphunzitsi amene ndinawadutsa ana otere osawaona.

Kwathu kuno pali china chowonjezera. Zimene timamuyamikira nazo mwana wamkazi n'zimene zimabisa autism bwino kwambiri. Wosalankhulalankhula, timati ndi waulemu. Wosayendayenda m'makomo mwa anthu, timati waleredwa bwino. Wokonda kuti mbale iliyonse ikhale pamalo pake, timati adzasunga banja. Ndipo malonje athu ali ndi njira yake yokhazikika. "Mwadzuka bwanji?" "Ndadzuka bwino, kaya inu?" Mwana wanzeru amaloweza zimenezi ngati ndakatulo, n'kuloweza pogwada, posekerera, ponena kuti zikomo. Amaonera anzake n'kumatsanzira kaseka kawo ndi kayankhidwe kawo. Azungu amatcha zimenezi masking, kutanthauza kuvala nkhope ina kuti ufanane ndi anthu. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa zimene ena amachita osaganiza, iye amachita kuwerengetsera mphindi iliyonse. Kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka kuweruka wakhala akudzigwira, kenako akwere minibasi yodzaza, wailesi ili pamwamba, kondakitala akukuwa. Akafika pakhomo mphamvu zatha. Kulira kwa pa mabuku osunthidwa aja si kwa mabukuwo ayi, ndi katundu wa tsiku lonse amene wagwera pamenepo. Ndipo amagwetsera kunyumba chifukwa ndi kumene akuona kuti sangathamangitsidwe. Apongozi anu akuona mphindi khumi zimenezo, sakuona maola asanu ndi atatu a kudzigwira.

Tsopano pa mantha anu a misala. Autism ndi ADHD si misala, ndipo si matenda amene munthu amawatenga panjira. Ndi mmene ubongo unakulira kuyambira pachiyambi. Wa autism amalandira phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa mosiyana ndi ambiri, amamva mawu monga momwe anenedwera osati zobisika kuseri kwake, amapeza mtendere zinthu zikamayenda mwa dongosolo lodziwika, ndipo chimene wachikonda amachikumba mpaka pansi. Wa ADHD vuto lake si kusowa chidwi, ndi kulephera kuchiwongolera: chinthu chomusangalatsa amatha kukhalirapo maola asanu osadya, koma fomu ya tsamba limodzi imagona mwezi patebulo. Nthawi imamupulumuka, zinthu zimatayika, mawu amatuluka asanaganize. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanenapo kuti mwana mmodzi pa ana pafupifupi 100 alionse ali ndi autism, ndipo ADHD imapezeka kwa anthu ambiri kuposa pamenepo. Ndiye kuti ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Machinjiri aliko ambiri, kungoti akudziwika ndi mayina ena.

Si kulera kwanu kumene kunabweretsa zimenezi. Si katemera wa kusikelo: kafukufuku wa Andrew Wakefield wa mu 1998, amene anayambitsa mphekesera imeneyo, magazini ya The Lancet inamuchotsa mu 2010 ndipo mwini wake analandidwa chilolezo cha udokotala. Sikuti bambo ake anamukhwimira kuti alemere, monga momwe anthu amanong'onezerana akaona mwana wosiyana ndi anzake pakhomo pamene pali galimoto. Chimene chimadziwika bwino n'chakuti zonse ziwirizi zimayenda kwambiri m'magazi a pabanja. Choncho mukamati munadzionamo, musadabwe. Makolo ambiri amadzizindikira ali pampando wa kuchipatala, akuyankha mafunso okhudza mwana wawo.

Amayeza bwanji? Palibe kutenga magazi, palibe sikani ya mutu imene ingaonetse autism kapena ADHD. Wina akakuuzani kuti ali ndi makina oyezera zimenezi, sungani ndalama zanu. Kuunika ndi kucheza kwakuya, kawirikawiri kopitirira ulendo umodzi. Katswiri amafuna mbiri yonse: mimba inali bwanji, anayamba liti kuyenda ndi kulankhula, ankasewera bwanji masanje, ankaloza zinthu kuti muone nawo kapena ayi, ankadya chiyani n'kukana chiyani, Sitandade 1 anailandira bwanji. Amafunsa za ubwana chifukwa malamulo a kaunikidwe amafuna zimenezo. Mabuku amene madokotala amatsatira ndi awiri: DSM-5 la ku America, limene linatuluka mu 2013, ndi ICD-11 la WHO, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022. Pa ADHD, DSM-5 imafuna kuti zizindikiro zina zikhale zinayamba munthu asanakwanitse zaka 12, zikhale kwa miyezi yosachepera 6, ndipo zizioneka malo awiri kapena kuposa, monga kunyumba ndi kusukulu. Wosakwana zaka 17 amafunika zizindikiro 6 pa mndandanda wa 9, wa zaka 17 kupita m'tsogolo zimakwana 5. Pa autism amayang'ana mbali ziwiri: kulumikizana ndi anthu, ndiponso machitidwe obwerezabwereza, zokonda zakuya ndi mmene thupi limalandirira phokoso ndi zina zotero.

Pali zinthu ziwiri m'buku la 2013 lija zimene ndikufuna muzidziwe, chifukwa zimakhudza mwana wanu mwachindunji. Choyamba, limanena poyera kuti zizindikiro za autism zikhoza kubisika mpaka pamene moyo wayamba kufuna zambiri kuposa zimene munthu angathe, kapena kuphimbika ndi njira zimene munthu anaphunzira. Fomu 3 ndi nthawi yotero: maphunziro alemera, macheza a atsikana asanduka a manong'onong'o ndi zibwenzi, MSCE ikununkhira. Chachiwiri, chaka cha 2013 chisanafike dokotala sankaloledwa kulemba autism ndi ADHD pa munthu mmodzi. Tsopano n'zololedwa, ndipo zimapezeka limodzi kawirikawiri. Mwana wofuna dongosolo koma wotaya makope tsiku ndi tsiku, monga mwafotokozera, ayenera kuunikidwa mbali zonse ziwiri. Mukanene zimenezi pa ulendo woyamba.

Mudzamva mayina a zida zoyezera. AQ ndi mafunso a autism amene anakonzedwa ku Cambridge. ASRS ndi mafunso 18 a ADHD ya akuluakulu, amene WHO inathandiza kukonza. DIVA ndi mndandanda wa mafunso a ADHD wochokera ku Netherlands. ADOS-2 ndi njira imene katswiri wophunzitsidwa amacheza ndi munthu n'kumaona mmene akuyankhira. Zina mwa izi zili pa intaneti, ndipo kuyankha mafunsowo kunyumba si kulakwa, ine ndinayambira pomwepo. Koma mafunso otere amangokuuzani ngati n'koyenera kupita kwa katswiri, sagamula mlandu. Timavidiyo ta pa TikTok ndi Facebook tonena kuti "ngati umachita izi uli ndi ADHD" tisakhale dokotala wa mwana wanu.

Pano pali nkhani imene imandikhudza kwambiri, ndipo anthu saikamba. Zida zonsezi zinapangidwa ku Ulaya ndi ku America, poyang'ana anthu a kumeneko. Kumeneko mwana wosayang'ana wamkulu m'maso amadabwitsa. Kuno mwana woyang'anitsitsa agogo ake m'maso akamamulankhula ndiye wamwano. Mtsikana wa ku Chilomoni wolowa m'chipinda cha dokotala adzayang'ana pansi, adzayankha motsitsa mawu, sadzayambitsa nkhani, kaya ali ndi autism kaya alibe. Wounika wosalingalira akhoza kuona autism pamene pali ulemu chabe, kapena kuona ulemu chabe pamene pali autism. Funso labwino si lakuti "amayang'ana akuluakulu m'maso?" koma lakuti amatani akakhala ndi amsinkhu wake, ndi ang'ono ake, ndi inu mayi ake kukhitchini. Ndipo funso loposa onse ndi lomufunsa iye mwini: ukamayang'ana munthu m'maso umamva bwanji? Ambiri a autism amayankha kuti zimawawa, kapena kuti akayang'ana maso amasiya kumva mawu. Kuti zida zakunja zimafunika kuzikonza kuti zigwirizane ndi kwathu si maganizo anga ndekha. Dokotala wa ana Melissa Gladstone ndi anzake anachita kupanga chida cha Malawi Developmental Assessment Tool, chimene chinasindikizidwa mu 2010, chifukwa zoyezera kakulidwe ka ana zochokera kunja zinali ndi zinthu zimene mwana wa kumudzi kuno sanazionepo. Chimenecho ndi cha ana aang'ono, koma phunziro lake likugwiranso ntchito kwa wa zaka 16. Pemphaninso kuti acheze naye m'chinenero chimene amamasuka nacho. Mwana akhoza kukhoza Chingerezi m'kalasi koma za mumtima n'kumazinena bwino m'Chichewa, ndipo ena zimakhala mosemphanitsa.

Wounika wabwino amafufuzanso zina zimene zimafanana ndi izi. Kusamva bwino m'makutu, kusaona bwino pabolodi, kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, kusagona mokwanira, kupita kusukulu ndi njala, zonsezi zimabalalitsa maganizo. Pali mtundu wa khunyu umene munthu sagwa, amangoti duu kwa kamphindi kenako n'kupitiriza, ndipo aphunzitsi amati salabadira. Ngati anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo ali wamng'ono, mukanene, chifukwa kafukufuku amene anachitika konkuno ku Blantyre anaonetsa kuti ena mwa ana opulumuka malungo a mu ubongo amatsala ndi khunyu kapena mavuto a khalidwe. Ndipo pali funso lowawa limene liyenera kufunsidwa mwana wamkazi aliyense wodzitsekera m'chipinda: kodi pali amene akumuzunza kapena kumugwira mosayenera? Nkhawa ndi kukhumudwa kwakukulu nazonso amazifufuza, koma apa muchenjere. Zimenezi kawirikawiri zimabwera pamwamba pa autism kapena ADHD, monga chipatso cha zaka zambiri za kudzibisa. Akapeza nkhawa, kufufuza kusathere pomwepo.

Mwina powerenga munakumana ndi mawu akuti neurodiversity. Anafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pakati pa anthu a autism eni ake, ndipo dzina limene limatchulidwa nawo kwambiri ndi la Judy Singer wa ku Australia. Ganizo lake ndi lakuti ubongo wa anthu ndi wosiyanasiyana mwachilengedwe, ndipo wosiyana ndi ambiri si ndiye kuti ndi wowonongeka. Kuunika kotsatira ganizo limeneli kumagwiritsa ntchito mabuku omwewo ndi mafunso omwewo. Kusiyana kwake kuli pa mmene munthu amamuonera. Wounika wina amalemba kuti "amatengeka mopitirira muyeso ndi Biology". Wina amamufunsa kuti Biology imamupatsa chiyani, n'kupeza kuti ndi pamene mutu wake umapumira, ndipo mwina ndi pamene padzachokere ntchito yake. Wina akaona mwana akugwedeza thupi kapena kupotokola mkono wa juzi amati tisiyitse. Wina amadziwa kuti ndi njira imene thupi limadzikhazikitsira, ndipo ngati sakudzivulaza amamusiya. Wina amalankhula ndi mayi yekha mwana ali pomwepo ngati mpando. Wina amayamba ndi mwanayo, amamuuza zimene zichitike ndi nthawi imene zitenge, amamulola kulemba yankho ngati pakamwa pakanika, amazimitsa fani ngati ikumusokosa.

Katswiri wina wa ku England, Damian Milton, amene iyenso ali ndi autism, analemba mu 2012 kuti kusamvana pakati pa wa autism ndi wopanda autism kumachokera mbali zonse ziwiri. Iye amavutika kutimva ife, ifenso timavutika kumumva iye, koma mlandu timaupereka kwa mmodzi. Ganizirani za pakhomo panu. Agogo akamufunsa kuti "ndiwo zakoma?" iye n'kuyankha kuti "ayi, therere limandinyansa pakhosi," agogo amamva chipongwe, iye amaona kuti wafunsidwa ndipo wanena zoona. Onse awiri ali ndi chophunzira.

Koma ndinene maganizo anga mosabisa. Kulemekeza kusiyana kwa ubongo sikutanthauza kunamizira kuti palibe chovuta. Sindigwirizana ndi amene amati autism ndi mphatso basi. Pali mabanja muno mu Blantyre amene akulera ana a autism osalankhula, ofunika kuwasamalira usana ndi usiku moyo wawo wonse, ndipo kuwauza za mphatso n'kuwanyoza. Mwana wanunso akuvutika, apo ayi simukanandilembera. Wounika woyenera amalemba mphamvu ndi zovuta zomwe, ndipo amakhala wokonzeka kukuuzani kuti "si autism" ngati si autism. Amene amalonjeza dzina la vutolo musanakhale n'komwe pansi, akugulitsa pepala.

Kopita. Njira ya boma imayambira kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu, inuyo cha ku Chilomoni komweko, kumene mumafotokoza nkhani n'kupempha kalata yopita nayo ku Gulupu, ku Queen Elizabeth Central Hospital. Kumeneko kuli kiliniki ya za maganizo, ndipo ndi chipatala chimene madokotala a Kamuzu University of Health Sciences amaphunzitsirako. Anthu akamva za maganizo amathamangira kuganiza za Zomba Mental Hospital, koma kuunika autism kapena ADHD si nkhani yogonekedwa, mumapita n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Aliponso a psychologist ndi a psychiatrist ogwira ntchito paokha mumzinda muno, olipiritsa. Psychiatrist ndi dokotala ndipo amalemba mankhwala, psychologist amaunika ndi kupereka uphungu. Akatswiri otere m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo si onse amene anazolowera kuunika atsikana akuluakulu ndi amayi. Choncho musanalipire, funsani: munaunikapo achinyamata ndi akuluakulu? Mudzacheza ndi mwanayo payekha? Zitenga maulendo angati? Mudzatipatsa lipoti lolemba? Safunsa anadya phula, ndipo katswiri weniweni sakwiya ndi mafunso otere. Ine munthu woyamba amene ndinamufotokozera anandiyankha kuti ADHD ndi ya tiana ta azungu, munthu wa digiri sangakhale nayo. Ndinabwerera ndikulira, ndipo panapita chaka ndisanayesenso. Zikakuchitikirani, musataye chaka ngati ine. Pitani kwa wina.

Zonyamula n'zimene zidzakuthandizeni koposa. Fufuzani buku lake la kusikelo ndi mabuku onse a kuchipatala. Sonkhanitsani malipoti a sukulu kuyambira ku pulayimale, chifukwa ndemanga za aphunzitsi zija, zakuti ndi wanzeru koma salabadira, kapena samasewera ndi anzake, ndi umboni wolembedwa nthawi imene palibe ankaganiza za autism. Gulani kope, ndipo kwa milungu itatu kapena inayi muzilemba zimene zachitika: tsiku, malo, chimene chinayamba, chimene chinamukhazika mtima pansi. Mudzadabwa kuona kuti zambiri zimagwa Lamlungu mukachokera kutchalitchi, kapena tsiku limene pabwera alendo osanena. Ngati alipo mphunzitsi amene mwanayo amamukhulupirira, mupempheni alembe tsamba limodzi la zimene amaona m'kalasi ndi pa buleki.

Koma zonsezi musazichite kumbali. Wa zaka 16 si khanda lonyamulidwa kupita kusikelo. Mukamutenga modzidzimutsa, adzamva kuti amayi akenso agwirizana ndi azakhali kuti mutu wake suli bwino. Khalani naye pamalo a phee, mwina mukusankha mpunga kapena nyemba kuti pasakhale kuyang'anizana, n'kumuuza kuti mwaona mmene amatopera, kuti simukumuona ngati wamwano, ndipo pali anthu ena amene ubongo wawo umagwira ntchito chonchi. Muuzeninso kuti inu mwadzionamo. Mupatseni masiku oganizira. Akhoza kukhala kuti anawerenga kale zimenezi pa foni ndipo ankaopa kukuuzani. Zotsatira zikadzatuluka ndi zake, ndipo iye ndiye anene amene auzidwe. Achibale onse safunika kudziwa dzina la vutolo. Apongozi mukhoza kungowauza kuti adokotala apeza kuti phokoso limamupweteka ndipo apempha kuti akaweruka azipuma kaye. Bambo ake okha yesetsani kuti mupite nawo ulendo umodzi, amve ndi makutu awo, chifukwa mawu awo ndi amene adzamveke kwa amayi awo ndi alongo awo. Za pemphero sindikuletsani, inenso ndimapemphera. Chimene ndikukupemphani n'chakuti mwana wotseka makutu kutchalitchi asaikidwe pakati pa anthu omukuwira kuti chiwanda chituluke, ndipo asatemedwe mphini. Kwa iye zimenezo ndi chizunzo, ndipo zimamuphunzitsa kuti mwa iye muli choipa.

Chinthu chimodzi chokha sichidikira kalata kapena tsiku la kiliniki. Akanena zofuna kudzipha, kapena mukaona mabala odzicheka, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Achinyamata a autism ndi ADHD ali pa chiopsezo chachikulu pa zimenezi kuposa anzawo, ndipo kumufunsa mwachindunji sikuika ganizolo m'mutu mwake.

Zikadzapezeka kuti ndi ADHD, mankhwala alipo. Odziwika kwambiri ndi methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Ritalin, ndipo amathandiza anthu ambiri. Amachepetsa chilakolako cha chakudya, amatha kusokoneza tulo, ndipo dokotala amayenera kumayeza BP, kugunda kwa mtima ndi sikelo ya thupi. Ndi mankhwala otetezedwa ndi lamulo, osagula kwa munthu wobwera nawo m'chikwama kuchokera ku Johannesburg. Autism ilibe mankhwala, ndipo wokuuzani kuti amachiza akukunamizani. Chimene chimathandiza ndi kusintha zomuzungulira. Kusukulu lipoti lija limakupatsani poyambira kukambirana ndi aphunzitsi aakulu: akhale kutsogolo, kutali ndi khomo, homuweki ilembedwe pabolodi osati kungonenedwa belu likulira, aloledwe kukhala mu laibulale pa buleki. MANEB imakhala ndi makonzedwe a ophunzira a zosowa zapadera ndipo nkhani zake zimadzera kusukulu, choncho kambani ndi aphunzitsi aakulu asanalembetse mayeso a Fomu 4, osati mayeso atayandikira.

Zambiri mwa izi simufunika pepala kuti muyambe. Kuyambira mawa, akaweruka mumpatse ola limodzi lopanda mafunso ndi lopanda kutumidwa, mbale adzatsuka pambuyo pake. Mukadziwa kuti kubwera alendo, muuzeni dzulo lake. Ku ukwati mugwirizane kuti akhala mpaka nthawi yakuti, ndipo akhoza kutuluka panja pamene zokuzira mawu zafika pomupweteka. Mabuku ake asasunthidwe. Ntchito muzimupatsa imodzi imodzi, kapena muzilemba papepala n'kumata pachitseko. Ngati zimenezi zamupepukitsa, mwaphunzira kanthu kokauza dokotala. Ngakhale atadzapezeka kuti alibe autism, palibe chimene mwawononga.

Nanga inu, mayi? Funso lanu munaliika kumapeto, m'mawu atatu, ngati mukupepesa. Inde, pitani. Sikuti mukulanda malo a mwana. Pa zaka 43 mwina mwakhala mukumva kuti ndinu wosachezeka, wonyada, wosakhalitsa kumaliro ndi ku zinkhoswe, kapena mayi wosalongosoka amene amapsereza ndiwo n'kuiwala tsiku la fizi. Mwina kuntchito mumagwira bwino koma mukafika kunyumba mumagwa ngati mwana wanuyo. Kuunika kwa wamkulu kumayenda chimodzimodzi, kungoti umboni wa ubwana umavuta kupeza. Ngati mayi anu ali moyo, kapena achemwali anu aakulu, kapena azakhali amene anakulerani, akhalireni pansi muwafunse kuti munali mwana wotani. Musawauze zimene mukufuna kumva, ingowasiyani akambe, inu muzilemba. Ngati ndalama kapena nthawi sizilola kuti nonse muunikidwe pamodzi, ayambe mwana chifukwa cha mayeso akubwerawo, koma mukamuuze wounikayo pa ulendo woyamba kuti inunso mukudzikayikira, popeza zimenezo ndi mbali ya mbiri ya mwanayo. Ndipo pogula kope lija, mugule awiri, lina likhale lanu.